Funsani Amalume: M'chisanu chotere munthu n'kupita kuthengo?

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kuno ku Scotland, ndipo onse akununkha chisanu. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadula, chifukwa enanu moni yekha amadya tsamba lathunthu.

FUNSO: Amalume, ndine mtsikana wa zaka 27, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinafika ku Glasgow mu Meyi ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anzanga akuntchito akundikakamiza kuti Loweruka lina mu Januwale tikayende m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje. Nditafunsa kuti tikukatengako chiyani, akuti palibe, kungoyenda basi. Amalume, kunja kukuzizira ngati mufiriji, ikamati 4 koloko kwada kale. Ine kwathu ndinayenda mokwanira, kuchigayo, kudambo, kusukulu tsiku ndi tsiku. Kodi ndi misala yawo kapena wotsalira ndine? Ndine wa ku Ntcheu, ku Glasgow.

YANKHO: Mphwanga, funso lakoli ndinalifunsapo inenso chaka changa choyamba kuno, mawu ake omwewo. Kwathu ku Dedza munthu akamalowa m'thengo wopanda nkhwangwa, wopanda khasu, ngakhale agalu osatenga, anthu amayamba kunong'onezana kuti ameneyu ali ndi zake. Ife timayenda chifukwa kuli maliro, kuli msika, kuli chinkhoswe. Ndiye mkulu wina wakutchalitchi kwathu ku Hamilton atandiuza mu Disembala kuti tiyeni tikawongole miyendo kumtsinje, mumtima ndinangoti anthu akakhuta amasowa chochita. Ndinapita chifukwa cha ulemu chabe. Lero amene ndimakagogoda pakhomo pake ndine.

Pita, ndipo chifukwa chake ndi dzuwa. Cha pa 21 Disembala ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:45, maola 7 okha, ndipo nalonso limangokwawa m'munsimunsi ngati mkamwini wamanyazi. Iwe ndi mashifiti akowo umachoka kunyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima. Tsiku lopuma n'kudzikwirira m'bulangete, makatani otseka, foni m'manja, kuonera abale ako ku Ntcheu akupalira chimanga kunja kuli ngwee. Masabata atatu otere umayamba kukwiyira ngakhale supuni. Ndaona anthu athu ambiri akufooka mu Januwale osadziwa chawadya. Sindikunena kuti nkhalango ndi chipatala. Ngati mtima walemera kwa masabata angapo, tulo osabwera, kaonane ndi dokotala wako. A zaumoyo kuno amalangizanso ife akhungu lakuda kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse, poti kadzuwa ka kuno sikatikwanira. Koma maola awiri panja masana, ngakhale kuli mitambo, sangafanane ndi babu la m'chipinda.

Ngati anzakowo sanasankhe kopita, uwauze kuti mukayambire ku Blantyre. Eya, Blantyre, koma wa kuno, amene anapatsa dzina mzinda wathu mu 1876. Kuchokera ku Glasgow Central pa sitima ndi mphindi pafupifupi 20. Ukatsika, tsetsereka ndi msewu wolowera kumtsinje, ndipo posakhalitsa ufika panyumba yoyera ya Shuttle Row, pamene David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813, m'chipinda chimodzi chomwe banja lonse linkagonamo ndi kuphikiramo. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pafakitale yopota thonje yomwe inali pambali pomwepo, kulumikiza ulusi ukaduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Nyumbayo pano amasungiramo mbiri yake, ndipo pabwalo pali chiboliboli cha mkango ukumugwetsera pansi. Amalawi tonse timajambulitsa pamenepo, usachite manyazi. Koma ine chimene chimandiimitsa ndi mtsinje wa Clyde uli m'munsimo. Nyengo ino umakhala wodzaza, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ukulindima pakhoma lomwe linkapatutsira madzi kufakitale. Ndikaima pamenepo ndimaona m'maganizo kamnyamata kakutuluka m'nyumba ija mumdima wa Januwale, kuthamangira ntchito. Kamenekonso dzuwa kankaliona Lamulungu lokha, ngati iwe.

Pali kamlatho ka oyenda pansi. Ukawoloka ukhotere kumanzere, utsate madzi. Njirayo ndi chigawo cha Clyde Walkway, yomwe yonse ndi makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Glasgow mpaka ku New Lanark, koma iwe ukungonyemako pang'ono. Mitengo ukaipeza ili mbee, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Usati yauma. Ikuchita zomwe mombo umachita kwathu m'chilimwe, kungoti wathu umayoyola masamba pothawa ludzu, ya kuno pothawa chisanu. Ubwino wake maso amafika patali: mtsinje umaoneka wonse, agologolo alibe pobisala, ndipo kambalame ka chifuwa chofiira kotchedwa robin kamakutsata nthambi ndi nthambi ngati kakufuna ngongole yake. Zobiriwira zomwe zatsala ndi timitengo ta holly, ta masamba aminga ndi tizipatso tofiira ngati mikanda (usadye), komanso ivy yoyanga m'mitengo ngati nkhungudzu.

Kukachita chisanu usiku, tola tsamba limodzi lapansi uliyang'anitsitse. M'mphepete mwake monse ndi m'mitsempha yake mumakhala timinga toyera ngati mchere wosinja, tondondozana bwinobwino ngati wina wachita kusoka. Ukalipumira mpweya kamodzi kokha timasungunuka, tsamba n'kusanduka lonyowa, labulawuni, lachabechabe. Ine bambo wa imvi zanga ndimachitabe zimenezi, ndikayang'ana kaye uku ndi uku.

Mukayenda mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono, pamwamba pa chikweza paoneka makoma ofiira a Bothwell Castle, linga la m'zaka za m'ma 1200 lomwe anthu a ku England ndi a ku Scotland ankalandana pankhondo zawo. Dzuwa lopendeka likamenya miyala yake imafiira ngati njerwa zongophulidwa kumene. Kuchoka apo pitirirani ndi mtsinje mpaka ku Uddingston, mukakwere sitima yobwerera ku Glasgow. Ulendo wonse, osathamanga, maola awiri akwana. Ukaonanso chodabwitsa: anthu omwe m'tauni amakudutsa ngati chitsa, m'kanjira aka aliyense amapereka moni, ena mpaka kuima kukuuza dzina la galu wawo ndi matenda ake.

FUNSO: Amalume, ngakhale mwina wamkulu ndine. Ndimakhala ku Larkhall ndi banja langa. Pafupi ndi kwathu pali kanjira kolowera kumtsinje koma kamadutsa pageti la famu ya munthu. Mapepala anga okhalira kuno ndinawavutikira, sindikufuna kukumana ndi apolisi pa nkhani yopanda pake. Ndikadutsa sandimanga? Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Achimwene, mantha anuwo ndi a tonsefe, ndipo mwachita bwino kufunsa, poti safunsa anadya phula. Dutsani. Kumudzi munthu amadutsa pamunda wa mnzake, bola asaponde mbewu, asathyole chimanga, ndipo akapeza mwini wake apereke moni. Lamulo la ku Scotland ndi lomwelo, kungoti iwo analilemba. Limatchedwa Land Reform (Scotland) Act 2003, linayamba kugwira ntchito mu 2005, ndipo limapatsa aliyense ufulu woyenda pansi m'nkhalango, m'mapiri, m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, ngakhale malowo ali ndi mwini, malinga munthu akuyenda mwaulemu. Silifunsa kuti pasipoti yanu ndi ya mtundu wanji.

Komwe ufuluwo sufika ndi kodziwikiratu: pakhomo pa munthu ndi kadimba kake ka maluwa, pabwalo la famu pamene pali makola ndi mathirakitala, pabwalo la sukulu, ndiponso pakati pa munda womwe muli mbewu. Mundawo muzilambalala m'mphepete. Geti mulisiye momwe mwalipezera: lotseka mutseke, lotsegula musalitseke poganiza kuti mukuthandiza, mwina mwini wake akufuna ziweto zikamwe madzi. Nyengo ino nkhosa zambiri zili ndi bere, choncho ana anu asazithamangitse, ndipo ngati muli ndi galu akhale pachingwe. Ng'ombe za kuno musazitenge ngati zathu zomwe zimakula ndi kamnyamata ka zaka 8 ndi kamkwapulo. Ndi zazikulu, ndipo zikakhala ndi ana zimatha kuponda munthu. Zipatukireni patali.

Ziwiri zomwe Mmalawi angayesedwe nazo: nkhuni ndi nsomba. Mukaona mitengo yakugwa ikungowola, mtima ukupwetekani, ine umandipwetekabe. Isiyeni. Nayo mbedza imafuna chilolezo, ufulu woyenda sukupatsani nsomba.

Mukawoloka malire kupita ku England kapena ku Wales zinthu zimasintha. Kumeneko m'mafamu mumatsata njira zovomerezeka zokha, zomwe zimakhala ndi zikwangwani kapena timivi tachikasu pamitengo ya mpanda. Abale athu a ku Leeds ndi ku Manchester amve bwino pamenepa, asakanene kuti Amalume ndiwo anatiuza.

FUNSO: Amalume, ndine mnyamata wasukulu ku Paisley, ndalama ndi zowerenga. Zovala zoyendera kuthengo zomwe ndaona m'masitolo mtengo wake ndi lendi ya sabata. Jinzi ndi sikipa ziwiri sizingakwane? Ndine mphwanu wa ku Mzimba.

YANKHO: Mphwanga, ndikuuze kaye za ine. Chaka china mu Disembala, titatuluka m'tchalitchi, ndinati ndikayende ndekha ku Chatelherault, kufupi ndi Hamilton, komwe mtsinje wa Avon Water umadutsa m'chigwa chakuya. Kumeneko kuli mitengo ya oak yotchedwa Cadzow Oaks, ya zaka zoposa 500, yonenepa ndi yamphako ngati milambe yokalamba, ndipo ndinkafuna kukaiona kenako n'kuzungulira njira yaitali ya makilomita pafupifupi 8. Ndinanyamuka 2 koloko, nditavala jinzi ndi nsapato zakutchalitchi zosalala kunsi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'chigwa, pansi pa mitengo, mdima umafika dzuwa lisanalowe n'komwe. Mvula yowaza ngati chiperoni inayamba, jinzi n'kumata m'miyendo ngati chikopa chonyowa. Ndinati ndiyatse tochi ya pafoni, foni n'kuzima, chonsecho inali ndi moto, poti batire silimvana ndi chisanu. Potsetsereka pena ndinaterereka, ndipo mamita angapo ndinawayenda ndi matako. Ndinatulukira pamsewu 5 koloko itadutsa, mano akugundana, nsapato imodzi itang'ambika kukamwa ngati mlamba. Mayi akunyumba atanditsegulira chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kungoti walira mvula walira matope, vulani panja pomwepo.

Ndiye jinzi ayi. Nsalu yathonje ikanyowa siuma msanga ndipo imakuba kutentha kwa thupi. Vala zopyapyala zingapo zosanjikiza: mkati chovala chosakhala chathonje, pamwamba pake juzi yaubweya kapena fleece, kunja jekete losalowa madzi. Ukatenthedwa pokwera chitunda umavula chimodzi, ukaima umavalanso. Zonsezi zili m'masitolo a zovala zakale a mabungwe achifundo, kaunjika wa kuno, ndipo usachite nawo manyazi chifukwa zina zomwe tinkalimbirana pamsika kwathu zinkachokera mayiko omwe ano. Ndalama yako ipite kunsapato: jombo za mano kunsi. Magambutsi wamba amathanso pa ulendo waufupi ukavala masokosi awiri. Chipewa ndi magolovesi usasiye.

M'chikwama muzikhala tochi yeniyeni, fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, ndi chotafuna. Ine ndimatenga mbatata yophika kapena mandasi. Ona zanyengo za Met Office usiku wake, nyamuka 10 koloko kuti 2 koloko ukhale ukubwerera, ndipo uza munthu komwe wapita. Mtsinje ukasefukira mpaka kumiza njira, bwerera, usayese kuwoloka poti kwanu unkawoloka Rukuru. Madzi a kuno mu Januwale amagwira mpweya munthu akangogweramo, ngakhale katswiri wosambira. Zikavuta nambala ndi 999. Ngati kuyenda wekha kukukuopsa, magulu a anthu oyendera limodzi kuthengo otchedwa Ramblers ali m'madera ambiri ndipo amalandira alendo.

FUNSO: Amalume, nanga njoka? Ine ndi njoka sitionana. Ndine mayi wa ku Nkhotakota, ku Motherwell.

YANKHO: Mayi, njoka yaululu ku Britain kuno ndi imodzi yokha, adder, ndipo nyengo yachisanu imakhala ili mtulo kuuna mpaka cha mu Malichi. Mu Clyde mulibe ng'ona, mulibe mvuu. Chimene chimathyola anthu miyendo kuno ndi madzi oundana pamasitepe ndi pamilatho yamatabwa. Pondani ngati mwasenza ndowa yodzaza.

FUNSO: Amalume, mayi anga abwera kuchokera ku Zomba kudzaona mdzukulu, akhala miyezi itatu. Ali ndi zaka 64, ndi amphamvu, kwawo amalima okha. Koma chifikireni angokhala pawindo, akuti dziko lanji lopanda phiri, lopanda madzi olira. Akusowa Mulunguzi wawo. Ndiwatengere kuti? Ndine mwana wawo, ku Rutherglen.

YANKHO: Achemwali, atengereni ku New Lanark akaone mathithi a Clyde, ndipo nyengo yake ndi ino. Chifukwa chake ndi ichi: pamenepo pali malo opangira magetsi a Bonnington, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1927, ndipo amapatutsa madzi kumtunda n'kuwatsitsa m'mapaipi akuluakulu, monga zimakhalira ku Nkula pa Shire. Mvula ikachepa, madzi ambiri amapita m'mapaipimo ndipo mathithi amaonda. Koma mukapita patadutsa masiku awiri kapena atatu a mvula yamphamvu, mtsinje umakhala ndi madzi okwanira makina ndi mathithi omwe, ndipo mkokomo mumaumva musanaone kanthu.

Kwerani sitima ku Glasgow Central mpaka ku Lanark, ulendo wa pafupifupi ola. New Lanark ili m'munsi m'chigwa, ndipo kutsika n'kosavuta koma kukwera pobwerera ndi nkhani ina, ndiye kwa agogo pezani basi kapena takisi. Mudziwo pawokha ndi woti munthu aone: nyumba zazitali zamiyala zondandalikana m'mbali mwa mtsinje, zomwe David Dale anayamba kumanga cha mu 1785 kuti madzi aziyendetsa makina opota thonje. Mkamwini wake Robert Owen, yemwe anatenga utsogoleri mu 1800, analeka kulemba ntchito ana osakwana zaka 10 ndipo mu 1816 anatsegula sukulu yomwe inkalandira ngakhale tiana tongoyamba kuyenda, makolo ali kuntchito. Muwauze agogo kuti sukulu za mkaka sizinayambe dzulo. Makina anasiya kulira mu 1968, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linaika mudziwu pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Njira imayambira kumapeto kwa mudzi, m'nkhalango yomwe amasamala a Scottish Wildlife Trust. Poyamba pali kathithi kakang'ono, Dundaff Linn, kenako njira yamatabwa yoyenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pamenepo chepetsani liwiro, muyang'ane pamiyala ya pakati pa mtsinje. Pamakhala kambalame konenepa, kabulawuni, ka chifuwa choyera ngati kavala epuloni, dzina lake dipper. Kamaima pamwala n'kumanjanja, kugwada n'kudzuka, kugwada n'kudzuka, ngati mwana wamkazi wolandira mphatso kwa apongozi. Kenako, madzi ozizira choncho, kamangolowa chamutu n'kusowa, kakufufuza tizilombo pansi pa miyala, n'kutulukira pena kali kouma ngati sikananyowe. Ndinaimapo mphindi 20 kukaonerera mpaka zala zinachita dzanzi.

Mukadutsa nyumba ya magetsi ija pali masitepe okwera, ndipo apa mpamene agogo akakuchititseni manyazi, chifukwa munthu wa ku Zomba chitunda sachiwerengera. Pamwamba pake pali poonera Corra Linn, mathithi aakulu koposa onse pamenepo, otalika mamita opitirira 25. Madzi amagwa modukizadukiza pakati pa makoma a miyala, ndipo nthunzi yake imakwera mpaka kunyowetsa nkhope. Kukazizira kwambiri nthunziyo imaundana panthambi ndi pamiyala, n'kulendewera ngati makandulo. Mdzukulu akhale kumsana, ndipo ngati pali ana oyenda okha agwireni dzanja, chifukwa kuseri kwa mpandako ndi phompho. Miyendo ikalola pitirirani mpaka ku Bonnington Linn, kupita ndi kubwerera kumudzi kuja ndi makilomita pafupifupi 5. Ikakana, Corra Linn yakwana, bwererani mukamwe tiyi. Mukapita kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale muziyang'ananso pansi, timaluwa toyera ta snowdrop timakhala titayamba kuboola nthaka yozizirayo, mitu ili chozyolika.

Muwaveke bwino, chitenje chikhale pamwamba pa thalauza lotentha, asakane. Ndipo mudzandilembere zomwe akanene akafika pa Corra Linn. Apongozi anga nditawatengera kumeneko anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, manja ali kumbuyo, kenako anandifunsa kuti madzi onsewa palibe ndi mmodzi yemwe waganiza zotsegula dimba.